Mabuleki pa sikelo ya tchizi

Bambo a Yuleidis,

Sabata yonse ndakhala ndikukupemphani mabuleki akale amene amakaniko aja, a Nicanor, anachotsa pa njinga yamoto ya mwana wathuyu, inu kumangoti mawa, mawa. Ndakatenga ndekha. Iwo amvekere, "Mayi, mukawakazinga?" Ndati eya, ndiwo zavuta.

Ndiye tamvani zodabwitsa. Ndawauza amasulenso atsopano aja, onse ndawaika pa sikelo yanga ya tchizi. Akalewo, amene anabwera ndi njinga ndipo aperepeseka zaka zitatu, akulemera kuposa atsopano! Zimatheka bwanji? Chitsulo chimaonda chili m'bokosi? Chidindo n'chofanana, koma cha pa atsopanowo nditakanda ndi chikhadabo chafufutika.

Ndapita ku tauni ku Sincelejo, sikelo ili m'chikwama. Ndilowa sitolo ndi sitolo, ndiyeza, ndifunsa kumene amaoda. Wokana kuti ndiyeze ndiye kuti akudziwapo kanthu. Akuti kuseri kwa msika kuli mayi wina wogulitsa enieni, ndikufuna ndikaone ndi maso angawa kuti iye amawazindikira bwanji.

Pepani, njinga yatsala pa njerwa kwa a Nicanor, yopanda gudumu lakumbuyo. Chinangwa chili m'poto. Tchizi musagulitse mongoyerekeza, dzanja lanulo ndimalidziwa.

Yuleidis akayamba kulira kuti achedwa ku ntchito, akwere basi. Makiyi ndatenga. Mwana wanga satsikanso chitunda chija ndi mabuleki opepuka ngati buledi. Ndipo musavutike kumupepesera, ndakana kale.

Etelvina