Ndamatula Timapepala ta pa Mabotolo a Abwana

Okondedwa Achemwali a Nabanda,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo wa Amayi uja uli bwanji? Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Abwana anga okalamba aja amatsuka okha zithunzi m'kachipinda kamdima kuseri kwa galaja. Lachiwiri ndinati ndiwasangalatse, ndinalowamo kukakolopa. Mabotolo a mankhwala anali ndi timapepala tothimbirira, ndiye ndinamatula tonse n'kuwapukuta mpaka mbee. Eish! Kani pa timapepalapo ndi pamene amalembapo tsiku losungunula mankhwala ndi mafilimu amene atsukira. Mankhwala akale ndi atsopano sanadziwikenso, chikhalirecho mankhwala otha mphamvu amawononga filimu.

Sanakalipe. Anangokhala pansi n'kunena kuti, "Esnart, ukhondo wako wanyanya." Bola akanandikalipira.

Agula mankhwala ena, ndipo ine andipatsa kope kuti ndizilembamo nambala ya filimu, tsiku, kutentha kwa madzi ndi mphindi zake. Inu mukudziwa kuti ndinalekeza Sitandade 4, ndipo 1 wanga amafanana ndi 7. M'tekisi yobwerera ku Olieven kumene ndimakhala ndimangoyeseza kulemba pabondo.

Loweruka tikutsuka filimu yomaliza imene muli nkhope ya malemu akazi awo. Ina palibe. Ikawonongeka, kaya ntchito ikhalapo.

Mundipempherere, koma Amayi musawauze. Malata a nyumba aja musayambe mwaitanitsa kufikira ndikuimbireni Lamulungu. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Esnart