Mahedifoni a Bambo a Tadala

Alamu,

Ang'ono anuwa atiphera mwana pamsewu chifukwa cha mahedifoni munawatumizira aja. Pepani ndayamba ndi zimenezi moni ndisanapereke. Muli bwanji ku Lilongweko? Kuno tilipo, Tadala chifuwa chija chachepa.

Lachiwiri anatikweza pa njinga yawo yamoto kupita ku sikelo ku Mtakataka, Tadala ndili naye kumbuyo, iwo atavala zinthuzo kumakutu. Lole inatulukira kumbuyo kwathu ikuimba hutala. Ine kukuwa, "Bambo a Tadala, patukani!" koma osamva. Ndinachita kuwamenya chibakera pamsana, ndiye anakhotera kumbali. Mphepo ya loleyo inandivula duku. Iwo kuseka, amvekere, "Mantha basi iwe, izi anthu amavala mundege."

Kunyumba ndinaziyesa iwo akusamba. Nditadina kabatani, chigayo cha kuseri kwathu chinangoti zii, ngati ndamira m'madzi. Tadala ndinkamuona kukamwa kuli yasa, koma kulira kwake kumamveka ngati ali kutsidya kwa mtsinje. Alamu, phokosolo zimapita nalo kuti? Chinthu chodya phokoso sichingadyenso makutu a munthu? Munagula kwa ndani?

Ndikadandaula akuti ndine wotsalira. Apongozi akuopa kulankhula poti ndi mphatso yanu. Tsono Loweruka ang'ono anuwa akufuna kumutenga Tadala pa njinga yomweyo kupita ku Golomoti kwa azakhali ake.

Mulungu akusungeni, koma chonde kwerani minibasi mubwere Loweruka lisanafike, mudzawavule nokha. Amamvera inu basi.

Ndine mlamu wanu,
Mayi a Tadala