Kapu ya Asisitala Mutisiyire

Kwa bambo, ana, adzukulu ndi abale onse a malemu,

Bungwe la ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono lalandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wakuti mayi athu, namwino wamkulu amene tonse tinkangowatchula kuti Asisitala, atisiya. Ngakhale kuti imfa timakumana nayo kawirikawiri pantchito yathu, iyi yatikhudza ngati sitinaionepo.

Ana amene Asisitala anawalandira m'manja pobadwa lero ndi makolo, ndipo anamwino amene anawaphunzitsa kubaya jakisoni osanjenjemera ali ponseponse. Koma ambiri tidzawakumbukira pa nthawi imene kayendetsedwe ka zipatala kanasinthidwa, pamene kuchipatala chawo kunatumizidwa woyang'anira wosaphunzira za udokotala kuti azikonza mashifiti ndi kuitanitsa mankhwala. Ogwira ntchito anaona ngati alandidwa chipatala. Munthuyo akalowa m'chipinda chomwera tiyi, nkhani zinkaduka, aliyense maso pafoni.

Asisitala nawonso sankagwirizana ndi zambiri mwa zosinthazo, ndipo pamisonkhano sankapsatira mawu. Komabe tsiku lina anamuthirira woyang'anirayo tiyi m'kapu yawo yothyoka chogwirira, nati, "Imwani, bwana, mukatha mudzandigwirire mwana ndikamamubaya. Mapulani anuwo azimvako kulira kwa ana." Kwa anzawo anati, "Mukamusala munthuyu, wovutika ndi mayi ali pabenchi panjapo. Mutsutseni ndithu, koma atakhala nanu pansi." Kuyambira pamenepo madandaulo anasiya kunenedwa kumbali, ndipo mizere ya odwala inayamba kuyenda.

Atamwalira, ambiri tinaopa kuti kusalana kuja kubwereranso. M'mawa mwake woyang'anira uja anaima pakhomo la chipinda chomwera tiyi chija, osalimba mtima kulowa. Mzamba amene ankalimbana naye kuposa onse anatsuka kapu ija, nathiramo tiyi, misozi ili chuchuchu, nati, "Lowani, bwana. Za mashifiti sitinamalize kukangana, koma imwani kaye."

M'malo mwa mamembala onse, tikupepesa kuchokera pansi pa mtima, ndipo tikuthokoza kuti munatibwereka mayi anu ngakhale pa masiku amene munkawafuna pakhomo. Mulungu akupukuteni misozi ndi kukulimbitsani mtima. Yunifolomu ndi katundu wawo yense tidzabwera nazo ku maliro. Chimodzi chokha tikupempha modzichepetsa: kapu ija mutisiyire, ntchito yake sinathe.

Ndine wolira nanu,
Wapampando wa bungwe