Mlendo Amene Ndinamumana Madzi

Lamulungu, 2 Mangsir

Ndikuopa kuti Sirjana adziponya pamlatho. Ndalemba, basi. Pakamwa sindingatchule, apongozi angamve.

Lero m'mamawa ndimapita kutsidya kukamweta udzu wa njati yathu yoweta ya mkaka. Nkhungu yokhayokha, kuzizira kolowa m'mafupa. Pakati pa mlatho wa zingwe munthu waima, yunifolomu ya kukoleji, chikwama pansi. Sirjana, mng'ono wanga weniweni. Manja onse pa waya, maso kumadzi. Nthawi imeneyo anzake ali m'kalasi, poti kuno timapuma Loweruka lokha.

Ndinamuitana. Anatembenuka ngati wadzutsidwa kutulo. "Achemwali, ndimangoona nsomba." Nsomba zanji madzi ali pansi kutali choncho?

Wandiuza tili panjira. Mayeso a chaka chachiwiri walephera maphunziro awiri, Chingerezi ndi akaunti. Zotsatira zinatuluka tisanayambe kumweta mpunga. Chiyambire amavala, amanyamuka, koma kukoleji safika.

Sukulu ndinasiyira kalasi folo chifukwa cha iyeyu. Amayi atayamba kudwala ndine ndinkamubereka popita kumunda. Koleji imeneyo anamanga ndi anthu a m'midzi okha, bambo athu anasenzako miyala asanamwalire. Ankati mwana wanga mmodzi adzakhala m'kati mwake. Kwathu kuphiri n'kutali, ndiye ndinagwadira apongozi kuti Sirjana azikhala pano. Anavomera chifukwa cha manja ake, osati mutu wake.

Mwana wanga Ujwal akumera mano, salola kutsika kumsana. Bambo ake ali ku Qatar. Ndiuze ndani?

Lachiwiri, 4 Mangsir

Ndapita kukoleji. Apongozi ndinawauza kuti ndikukagula mankhwala a mwana. Ndinatsika ndi a Bhakta, nkhalamba yonyamula mkaka wa m'mudzi kupita nawo kumsika.

Ndinaima pageti. Ndinafunsa anyamata komwe amathandiza ophunzira amene zawavuta. Wina anaseka. "Chipinda cha olira? Kuseri kwa laibulale, mayi. Mukamva mamina mwafika."

Kachipinda kakang'ono. Mipando iwiri, ketulo, katani yofiira. Madamu Sabitra, aafupi, imvi kutsogolo, magalasi a chingwe. Nditakana mpando anakhala nane pansi. Ujwal anawalanda magalasi, iwo osakwiya.

Sirjana akumudziwa. Kale ankabwera, kenako anasiya, foni sayankha. Akuti maphunziro awiriwo atha kulembanso, enawo sabwereza. Masana kuli aphunzitsi othandiza ogwa Chingerezi, kwaulere. Ndalama ya mayeso ikasowa pali thumba la koleji. Ine misozi chuchuchu, ndimaganiza kuti zonse zatha.

"Mayeso si kanthu, mayi a Ujwal. Mayeso amabwerezedwa. Munthu sabwerezedwa."

Kenako anandifunsa ngati anatchulapo za kufa. Ndinatseka makutu, zotere kuzitchula n'kuziitana. Iwo akuti ayi, kufunsa sikuitana, ndimufunse poyera. Asamakhale yekha. Akadzasintha mwadzidzidzi, kuyamba kuseka, kugawa zinthu zake, ndidzawaimbire pomwepo. Anatinso kuchipatala cha boma kuli dokotala wa zimenezi, atha kumuperekeza okha.

Ndinati mng'ono wanga si wamisala.

"Wati wamisala ndani? Watopa mwanayo. Wasenza dengu lolemera yekha."

Anandilembera nambala mufoni. Tiyi wawo wa shuga wambiri. Mankhwala a mwana ndinaiwala kugula, ndanama kuti atha.

Lachitatu, 5 Mangsir

Wapita kwa Madamu! Ndinamuperekeza mpaka kutsidya kwa mlatho, nditamugwira mkono ngati mbuzi ya pamsika. Wabwera masana maso otupa, koma wadya mpunga ndi mphodza mbale yonse. Akuti Madamu amulembetsa maphunziro a masana. Mtima wanga unakhalako pansi.

Madzulo apongozi abwera ndi zawo. Rabin, mwana wa mlongo wawo, wabwera kuchokera ku Malaysia, ali ndi mwezi umodzi wokha. Uno wa Mangsir ndi mwezi wa maukwati. Akufuna mtsikana wa digiri. Loweruka abwera kudzamuona Sirjana.

"Mpunga wanga wadya zaka ziwiri, ubwerere m'banja momwemo."

Sirjana ali pomwepo akutsuka mbale. Sanatukule mutu.

Ndiye apongozi anandicheukira ine. Akuti akazi a a Bhakta awauza komwe ndinalowa dzulo. M'mudzi muno ukayetsemula kumsika, kunyumba akuphikira kale mankhwala. Akuti mtsikana wa kwa a Thapa analowa m'chipinda chomwecho, zinamveka, ofunsira onse anathawa, mpaka lero akumwetera udzu bambo ake. "Mayi wa amisala ameneyo asadzaponde pakhomo panga. Wandimva, mtengwa?"

Ndinati ndamva, amayi.

Lachisanu, 7 Mangsir

Bambo a Ujwal aimba. Mawu akudukaduka. Mwezi uno sanalandirebe. Ndinayamba kuwauza za mlatho, anandidula. "Usakangane ndi amayi ine kulibe. Rabin ndi munthu wabwino, ali ndi nyumba ya simenti. Akakana amubweza kuphiri, ukudziwa wekha." Kenako anafuna kumva Ujwal akuti baba. Sananene.

Ndamudzoza Sirjana mafuta kumutu pokonzekera mawa. Tsitsi likuthothoka, lodzaza chipeso. Funso la Madamu lija linafika pakhosi. Ndinatsegula pakamwa. Ndinafunsa ngati akufuna riboni yofiira kapena yoyera.

Loweruka, 8 Mangsir

Ndachita choipa.

Anabwera asanu, Rabin, makolo ake, azakhali awiri. Tinayala mphasa zatsopano pakhonde. Sirjana atavala sari, nsalu yanga ya ukwati, kadontho kofiira pachipumi, thireyi ya tiyi m'manja. Wokongola mpaka ndinalira. Azakhali wina anamuyendetsa kuti aone ngati satsimphina. Wina anafunsa digiri ituluka liti. Apongozi anayankha okha: chaka chamawa, ndi wanzeru koopsa.

Ndinapita kukhola kukatenga mkaka wina. Ndikuona munthu akukwera njira ya m'minda, ambulera ngati ndodo, akupumira m'mwamba. Madamu. Tsiku lawo lopuma. Njira imeneyo ndi makwerero okhaokha, ngakhale ine imandimaliza mawondo.

Ndinathamanga, ndinawatchingira kuseri kwa khola alendo asanawaone. Thukuta lili kamukamu, nsapato zamatope. Akumwetulira. Akuti abwera kudzalonjera apongozi, aone wophunzira wawo, afotokoze bwinobwino kuti mtsikanayu akufunika nthawi.

Ndinati lero ayi. Ndinati chonde, muli alendo, mukaoneka pano mwamuonongera. Ndinawagwira miyendo.

Anasiya kumwetulira. "Ndamva. Sindikulowa. Koma musamusiye yekha, mayi a Ujwal." Kenako anati, "Mungandigawireko madzi?"

Mtsuko uli pakhonde, pomwe pali alendo. Ndikatunga andifunsa ndi a ndani.

Ndinati pansi pa njira pali mpopi.

Mlendo ndi mulungu, amayi anatiphunzitsa choncho. Wopemphapempha timamupatsa madzi. Galu timamupatsa madzi. Mayi wa imvi wakwera phiri chifukwa cha mng'ono wanga, ine ndamulozera mpopi.

Anatsika pang'onopang'ono, osacheuka. Nditatembenuka, Sirjana ali pawindo la kukhitchini, thireyi m'manja. Waona zonse.

Rabin wamukonda. Abweranso Lachinayi ndi mkaka wowawasa ndi zipatso kudzatsimikiza. Wansembe asankha tsiku.

Lamulungu, 9 Mangsir

Sanapite kukoleji. Apongozi akuti mkwatibwi asamayendeyende.

Tikupuntha mpunga pabwalo, anangolankhula osandiyang'ana. "Ndinawaitana ndine, achemwali. Ndinati ine pakamwa panga sipatseguka, mudzandilankhulire."

Ndinati ndimakuganizira iwe. Ndinati zikamveka ukwatiwa ndi ndani.

"Ndikudziwa."

Basi. Bola akanandimenya ndi mtolo wa mpungawo.

Madamu aimba kawiri. Ndangoyang'ana foni ikulira. Ndiyankhe ndi nkhope iti?

Lachitatu, 12 Mangsir

Kwacha m'nyumba muno. Mwina apongozi ananena zoona, mwina ukwati ndiwo mankhwala.

Sirjana wadzuka akuimba. Wazira khitchini yonse ndi dothi lofiira osauzidwa. Wasambitsa Ujwal, wamupaka mafuta padzuwa, akumuluma timiyendo mpaka mwana kuseka ndi mano ake awiriwo. Wawasisita apongozi miyendo. Iwo akuti, "Waona? Misala yake inali yofuna mwamuna."

Mabuku ake wapatsa mtsikana wa kwa a Thapa. Akuti sawafunanso. Juzi yake yobiriwira wandipatsa ine, akuti Rabin amugulira zina. Ndinakana, anandiveka yekha. Wandithyolera malalanje, wandisendera, wandidyetsa ndi dzanja lake ngati mwana.

"Munavutika nane, achemwali. Tsopano mupuma."

Ndinati nanga Loweruka lija wandikhululukira? Anaseka. Akuti zapita.

Ndayatsa lubani pa kachisi wa pakhomo kuthokoza. Shuga watha, mawa alendo. Ndibwereka kwa akazi a a Bhakta, amve kaye kuti mng'ono wanga akukwatiwa ku nyumba ya simenti.

Lero ndigona.

Lachinayi, 13 Mangsir

Kuseka. Kugawa zinthu. Madamu anandiuza ndi pakamwa pawo, ndinalemba ndi dzanja langa, ine n'kumayatsa lubani.

Ndinakumbukira ndili pansi pa njati, ndikukama. Juzi yobiriwira ili m'thupi mwanga. Ndowa inagwa. Ndinathamangira m'nyumba. Mphasa yake yopinda bwinobwino, yunifolomu pamwamba, ndolo zake pafupi ndi mutu wa Ujwal.

Mwana kumsana, ine wopanda nsapato, kutsetsereka. Ndinagwa, bondo likutuluka magazi, sindinamve. Nkhungu ngati tsiku lija. Ndinamupeza pamlatho pomwepo.

Sindinakuwe. Ndinangofika n'kumukumbatira m'chiuno. Mlatho ukugwedezeka, Ujwal akulira. Ndiye ndinafunsa. Funso lija, mawu ake enieni, osazungulira.

"Eya, achemwali."

Sanalimbane nane. Anangofooka, thupi lonse ngati nsalu yonyowa. Ndinamasula shawelo yoberekera Ujwal, mwana m'khwapa, ndinamanga nsonga ina padzanja lake, ina padzanja langa. Ali wamng'ono ndinkamumanga chomwechi kumunda kuti asagwere m'ngalande. Takwera choncho. Azimayi pampopi anasiya kutunga.

Tsopano tili m'chipinda changa. Ndatsekera, msana wanga uli pachitseko. Iye wagona chafufumimba pa mphasa, maso otsegula. Mfundo sindinamasule. Ndikulemba ndi dzanja lomangidwa lomwelo, ndikasiya kulemba ndikuwa.

Apongozi akumenya chitseko. Alendo afika dzuwa likakwera, mpunga sunaphikidwe, mkaka ndataya. Ndawayankha chitseko chili chotseka, ine amene sindinawayankhepo chikwatiwire. Ndati walephera mayeso. Ndati akudwala. Ndati lero kulibe kutsimikiza, ndikuitana Madamu.

Asiya kumenya chitseko. Kenako, "Ndiye mulongedze nonse awiri. Mdzukulu wanga mumusiye."

Zimenezo ndilira mawa. Lero ndili ndi maliro amodzi okha oti ndiwaletse.

Madamu ndawaimbira foni. Ikungolira, sakuyankha. M'mawa amakhala m'kalasi. Kapena aona dzina langa. Akanakhala ine sindikanayankha.

A Bhakta ndawaitana pawindo akutsika ndi mkaka. Ndati pitani kuchipinda cha olira, kuseri kwa laibulale, mukanene kuti Sirjana anali pamlatho. Ndati uzani ndi akazi anu omwe, auze mudzi wonse, ndilibe nazo ntchito. Asiya zigubu panjira. Nkhalamba ija ikuthamanga.

Ndikulephera kumugwira ndekha. Mwana akufuna bere, dzanja lina lili kwa Sirjana. Ndikapita kuchimbudzi? Ndikawodzera? Mawu amene Madamu amamuuza ine sindiwadziwa, ndinasiyira folo. Dokotala uja sindidziwa khomo lake. Sirjana wangoti kumene, "Mundimasule, achemwali, dzanja likupweteka." Sindimasula.

Madamu, bwerani. Siyani kalasiyo, amenewo abwereza. Musadzere kukhola, dzerani kutsogolo, pakhonde, alendo akakhalapo akuoneni. Mtsuko ndi wodzaza, kapu ya mkuwa ndikutsukirani ndekha, ndikusambitsani ndi mapazi omwe. Munditukwane mukafika. Koma bwerani tsopano, chonde, Sirjana akuyang'ananso chitseko