Mawu Anga Agwira Ntchito Popanda Ine

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, maso aja akuwavutabe? Ine kuno ndilipo, koma nditati ndili bwino ndingakunamizeni.

Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Adokotala andiletsa kulankhula. Chifuwa chija ndinkati n'cha fumbi achipima, akuti ndi chotupa cha pakhosi. Mwezi wa mawa andichita opaleshoni, ndipo sanandibisire kuti mwina ndikadzadzuka mawu sadzabwereranso. Chakudza sichiimba ng'oma. Panopa ndikafuna sopo kugolosale ndimangoloza ndi chala, mwini wake n'kumandifuulira ngati makutu nawo anafa.

Kuntchito kwathu koika mawu a chinenero chathu m'mafilimu nakonso zavuta. Mukuikumbukira filimu ija ya chombo chonyamula anthu kupita ku nyenyezi ina, imene ine ndinalankhulira loboti yosamalira anthu ogona? Gawo lachiwiri latuluka, koma ine sanandiitane. Abwana anandiuza kuti mawu anga akale anawalowetsa m'kompyuta, ndipo tsopano imalankhula ngati ine chilichonse chimene ailembera. Anati ndipume kaye, akumwetulira ngati andichitira chifundo. Kachipinda kaja kojambuliramo mawu, ka masiponji m'makoma, kamene ndinkatulukamo malaya atanyowa ndi thukuta, akusungiramo makatoni.

Loweruka masana ndinapita kuholo yoonetsera mafilimu kukaonera gawo latsopanolo ndi mtima wokatola zifukwa. Ndinakhala pampando wakumbuyo, wong'ambika, ndikudikira poti ndiseke. Achemwali, chifukwa sindinachipeze. Gawo lachiwiri laposa loyamba, ndipo laliposa kutali.

Loyamba lija linali la phokoso. Nthawi yambiri inathera kutiuza kuti uyu ndi ndani, chombo chimayenda bwanji, kenako kuphulika apa, kuphulika apo. Lachiwiri silitaya nthawi, poti anthuwo tikuwadziwa kale ngati anansi athu. Afika kumene ankapita, adzuka, ndipo loboti ija ikuyenera kuuza aliyense kuti abale amene anawasiya kwawo anakalamba n'kumwalira kalekale iwo ali m'tulo. Nkhani yonse ndi imeneyo. Munthu wachilendo akamalira umangomuyang'ana, koma akamalira amene ukumudziwa nawe umalira naye.

Mnzanga wosakaniza mawu, amene amabwera kudzandiona kuchipinda kwanga, akuti palibe chodabwitsa. Akuti mwana wachiwiri amabadwa mayi ake ataphunzira kale kusambitsa khanda, pomwe woyamba ndi wophunzirirapo. Inu monga oyamba kubadwa musakwiye, ndi mawu ake amenewo. Akutinso opanga filimu akaona pamene anapunthwa poyamba, kachiwiri amalimba mtima, amalola ngakhale munthu wokondedwa kuti agonje.

Chimene chandipweteka ndi loboti ija. Ine m'gawo loyamba ndinkafuula, ndinkathira nthabwala paliponse kuti anthu aseke, pena kumeza mawu. Iyi ikulankhula modekha. Pali pamene ikuuza mayi wina kuti mwana wake wamkazi anamudikira mpaka imvi. Inanena ndi mawu anga enieni, ndi kakokedwe kaja ka kumapeto kamene ndinatengera kwa malemu abambo, koma mmene ine sindikanathera. Mayi wina amene anakhala patsogolo panga muholomo analira. Inenso ndinalira, ndipo sindikudziwa ngati ndinkalirira mayi wa m'filimuyo kapena ndinkadzilirira ndekha.

Potuluka ndinamva bambo wina akuuza mnzake kuti mkulu wolankhulira lobotiyo wakhwima nayo ntchito ulendo uno. Ndinatembenuka kuti ndimuyankhe, koma pakamwa panangotuluka mpweya. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba. Ndataya mtima, achemwali. Ntchito imene ndinkaidziwa ndi imodzi yokhayi, ndipo ikuyenda bwino kuposa mmene inkayendera ndilipo.

Tsono pempho langa ndi ili. Munandiuza kuti amayi amakhala pakhonde ndi foni yanu pakhutu, kumvetsera filimu yoyamba ija poti kuona sakuona, ndipo aliyense wodutsa amamuuza kuti ameneyo ndi mwana wawo. Za opaleshoni muwauze mwa nzeru zanu, ine sindingathe. Koma za kompyuta musawauze. Muwapezere gawo lachiwiri, ndipo akanena kuti ndine, muvomere. Loyamba lija mulifufute. Pakati pake pali pamene ndinatsokomola, osakaniza mawu analephera kupachotsa, ndipo amayi akamva za matendawa adzayamba kupatchera khutu. Ngati mawu anga sabwerera, ndikufuna atsale ndi amene sakutsokomola.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa ana onse. Poyankha mulembe kalata kapena uthenga. Mukaimba ndidzatenga foni ndithu, koma mudzangolankhula nokha.

Tsalani bwino.

Ine mlongo wanu,
uja munkamuti Wailesi