Mpando wa Kumanja, Amayi

Mayi Faustina Kanyenda, namwino, a ku Chulu, Kasungu

Amayi, fodya wapita ku okushoni katatu chitisiyireni. Lero zakwana zaka zitatu, koma pakhomo pano palibe amene wazolowera kuyamba ndi mawu oti malemu akamatchula dzina lanu. Chithunzi chili pamwambachi tasankha dala. Achibale ankafuna cha yunifomu yoyera, koma bambo anakana. Anati anthu akuoneni monga ankakuonerani pamsewu: mpango wobiriwira kumutu, chibwano pafupi ndi chiwongolero, denga la kagalimoto litapindidwira kumbuyo. Ndikulemba ndine Fundo, mwana wanu woyamba, m'malo mwa bambo ndi mlongo wanga Jenala.

Kuchokera ku Chulu mpaka ku Santhe ndani sankakudziwani? Namwino wamfupi woyendetsa kagalimoto ka mipando iwiri, kotsika ngati kakukwawa, m'dziko la ngolo, mathirakitala ndi malole a mabelo. Anthu ankaseka kuti galimoto yosanyamula ngakhale thumba limodzi la feteleza n'jantchito yanji. Inu munkayankha kuti thumba lili ndi ngolo yake, msana wanu nawo uli ndi galimoto yake. Pa moyo wanu munakhala ndi timagalimoto titatu ta mtundu umodzi, tosiyana kubadwa kokha, ndipo munatitcha mayina ngati ana: Chisamba, Wapakati ndi Mzime. Ine chisamba weniweni ndinkachita nsanje, inu n'kumaseka.

Chisamba munamupeza kwa manijala wa esiteti ina amene ankabwerera kwawo. Mpando wake ndi wopyapyala, wolimba, koma munkati umagwira m'chiuno ngati manja a mzamba. Chiwongolero chowonda, chopanda batani ngakhale limodzi. Mukangotsitsa dzanja lamanzere, giya munkaipeza ili pomwepo osaifunafuna. Chokhacho, miyendo yanu sinkafika bwino pansi, ndiye bambo anasema timatabwa ta mlombwa n'kutimanga ndi mabawuti pa kilatchi, pa buleki ndi popondera moto. Mwezi wa Okutobala chitsulo cha pakati pa mipando chinkakuotchani mwendo, ndipo bampu iliyonse inkafika kumsana. Simunkadandaula. Munkati galimoto yabwino imakuuza zoona za msewu.

Wapakati simunagwirizane naye. Mpando wake unali waukulu, wofewa, ndipo munkati anaupangira anthu a mimba zawo. Pokhota munkatsetsereka ngati mbale pathebulo lonyowa. Zitseko zinkafika m'mapewa moti munkati mukuyendetsa muli m'bafa. Mabatani a mawindo anawaika pomwe chigongono chimagona, choncho posintha giya windo linkatsika lokha, fumbi la ku Santhe lonse n'kulowa. Pomaliza munamupereka kwa mphunzitsi wina wa ku Kaluluma, munthu wathupi lake, amene mpaka pano amamuyamikira.

Mzime ndiye anabwera ndi zake. Mpando woyenda ndi magetsi, chiwongolero chotheka kuchikoka kapena kuchikankha, timatabwa osafunikanso. Tsiku limene munatulukira batani lotenthetsa mpando munaseka mpaka misozi, kufunsa ngati anthu opanga galimotoyo anamvapo za dzuwa la ku Kasungu. Munavomereza kuti msana wanu wapeza mpumulo. Koma galasi la padashibodi lija lokhudza ndi chala linkakunyansani. Kuti muchepetse wailesi munkayenera kuchotsa maso pamsewu, pamene mu Chisamba chala chinkadziwa chokha kopita. Munatiuza kuti Mzime amakumverani, koma Chisamba amakudziwani.

M'magalimoto onsewa bambo ankakhala kumanzere. Sanaphunzire kuyendetsa, ndipo sanachitepo nazo manyazi. Munthu wamtali uja ankangodzipinda, mawondo atagunda dashibodi, chipewa pamiyendo, n'kumakuuzani za mitengo ya fodya inu mukuzemba maenje.

Tsiku lija kunali masana, dzuwa lili paliwombo. Jenala anabwera kudzakuitanani kuti mukadye. Anakupezani mu Chisamba, mumthunzi wa kumapeto kwa chigafa chathu choyanikamo fodya, lamba mutamanga, manja ali pachiwongolero, injini ili chete. Anayamba wakusekani, kufunsa kuti ulendo wosaliza galimotowu ndi wopita kuti. Atakugwirani phewa anasiya kuseka. Adokotala anati unali mtima. Kuyambira tsikulo Jenala, amene munamuphunzitsa nokha kuyendetsa, sanagwirenso chiwongolero. Kusukulu kumene amaphunzitsa ankapita panjinga, kaya kugwe mvula.

Pali zina zimene sitinauze anthu, Amayi, ndipo lero tikukuuzani inu, ngakhale mwina mukuzidziwa kutiposa.

Mzime ndinamutenga ine. Poti ndine wamtali ngati bambo, ndinkabweza mpando m'mbuyo. Koma m'mawa uliwonse ndikangotsegula chitseko, mpandowo unkayenda wokha kupita kutsogolo, pang'onopang'ono, ukulira ngati njuchi, n'kukaima pamalo panu. A Lameki, makaniko wa pa boma, anandikhazika mtima pansi. Anati magalimoto amakono amasunga kakhalidwe ka mwini kiyi. Anadina mabatani angapo, zinatha. Ndinawathokoza, koma pobwerera ndinaima m'mbali mwa msewu n'kulira, ngati ndakutsitsani m'galimoto yanu yomwe.

Za Chisamba ndiye panalibe wotifotokozera, chifukwa mpando wake ulibe waya ngakhale mmodzi. Umayenda munthu akakoka kachitsulo ka pansi pake. Galimotoyo inatsala pomwe munaisiya. Lamulungu lililonse pochokera ku tchalitchi bambo ankalowa kumanzere kwawo, n'kutambasula dzanja kuliza injini kuti isafe, kenako n'kukhalamobe kwa kanthawi. Fumbi la fodya linkadzaza pabonati, padashibodi, pampando wa bambo. Pampando wanu linkakana. Galimoto inayamba kupendekera kumanja pang'ono, monga inkachitira inu mukakhalamo. A Lameki anabwera, anagona pansi kuyang'ana masipuling'i, sanapeze kanthu. Anadzuka, anakuntha malaya, ndipo tiyi amene tinawaphikira anamusiya patebulo.

Amayi osoka fodya nawo anasamukira mbali ina ya chigafa. Mayi Esitere, amene akhala nafe pafamu kuyambira ndili mwana, anatiuza motsitsa mawu kuti masana, kukangoti zii, amamva lamba wa galimoto akumangika. Jenala atamva zimenezi anapempha kuti galimotoyo ichoke pakhomo, ipite kulikonse. Bambo anayankha kuti munthu sasamutsa mkazi wake chifukwa choti ana akuopa. Anakhala osalankhulana bwino mpaka nyengo ya nazale.

Ndiye linafika Loweruka lija la mu Febuluwale chaka chino. Ine ndinali ku Lilongwe ndi Mzime. Lole ya pafamu inali itapita kukatenga mitengo ya zigafa. Mvula ya m'mawa itangokata, bambo anagwa pakati pa fodya amene ankayanika, pakamwa patapotokera mbali imodzi, dzanja lamanzere lili lende. Amayi osoka fodya aja anawanyamula n'kuwakhazika mu Chisamba, pamalo pawo pa nthawi zonse. Jenala anaima pakhomo la chigafa, kiyi ali m'manja, akuopa kulowa m'galimoto. Mayi Esitere anamugwira mkono n'kumuuza kuti: "Aphunzitsi, pano palibe wina wodziwa chiwongolero. Mukachedwa, chigafa chomwechi chitulutsa maliro achiwiri."

Jenala analowa. Akuti mpando unali wofunda ngati munthu wangodzukapo kumene, chonsecho galimoto inali mumthunzi ndipo kunja kunkazizira. Jenala ndi wamtali kukuposani, ndiye anapisa dzanja pansi kuti aubweze m'mbuyo. Kachitsulo kanakana. Anakoka ndi manja onse awiri, koma kanali ngati akawotcherera. Nthawi inalibe chisoni. Ananyamuka choncho, mawondo akukhula chiwongolero, mapazi atakwera pa timatabwa tanu, chibwano chili kutsogolo. Amayi otsala pachigafa akuti poiona galimoto ikutuluka anagwirana manja, chifukwa kakhalidwe ka woyendetsayo sikanali ka Jenala.

Msewu wa ku Chulu nthawi ya mvula mukuudziwa. Pa chitunda chotsikira ku dambo galimoto inayamba kuvina m'matope, ndipo mutu wa Jenala unaima, osadziwanso kuti alowetse giya iti. Akuti giya inalowa yachiwiri iye asanaikankhe. Dzanja lake linangotsatira. Galimoto inawongoka, inawoloka.

Kenako anazindikira za kalilole woonera kumbuyo. Anamukonza kuti aziona msewu, koma atakwezanso maso anapeza akuonetsa nkhope ya bambo. Anamubweza, iye anabwerera. Atatopa anamusiya, ndipo m'kalilole momwemo ndi mmene anaonera mutu wa bambo ukugwera kutsogolo, mpweya ukuvuta. Anatambasula dzanja n'kuwadzutsa chibwano monga munkachitira ndi odwala anu, ndipo anayambanso kupuma bwino.

Atatsala pang'ono kufika pa tala pali malo owongoka, chimanga chachitali uku ndi uku. Apo Jenala anaponda moto. Mwadzidzidzi lamba anamukoka pachifuwa mwamphamvu, asanaone chilichonse, asanakhudze buleki. Ndi mantha anaponda buleki mpaka pansi. Galimoto itangoima, ng'ombe ziwiri zokoka ngolo zinatulukira m'chimangamo n'kudutsa pamphuno pake penipeni, mwini wake akuthamanga pambuyo. Jenala akuti analankhula mokweza kuti: "Amayi, ine ndikuopa." Pomwepo chiwongolero, chimene chinkanthunthumira m'manja mwake, chinakhala bata.

Kuchipatala cha pa boma woyamba kutuluka anali Mayi Olive, namwino mnzanu wakale. Anatiuza pambuyo pake kuti atamva kulira kwa injini anaiwala kuti tinakuikani m'manda, ndipo anathamanga kudzakulonjerani. Akuti pagalasi lakutsogolo anaona mpango wobiriwira. Chitseko chitatseguka, amene anatuluka anali Jenala, mutu uli pamtunda. Mayi Olive anangoitana anzawo kuti abweretse machira.

Bambo atawagoneka, mlonda anapempha Jenala kuti asunthe galimoto pakhomo. Anakhala pansi, anagwira kachitsulo kaja ndi chala chimodzi, mpando n'kutsetsereka m'mbuyo mosavuta. Unali utazizira.

Bambo anachira, Amayi. Amayenda ndi ndodo, mawu amatuluka pang'onopang'ono, koma mutu uli bwino ndipo fodya wa chaka chino anasankha okha. Chisamba anabwerera kumapeto kwa chigafa. Tsopano amaima mowongoka, ndipo fumbi limagwa pamipando yonse iwiri mofanana. Amayi osoka fodya anabwerera kumbali ija. Tinkayesa kuti mitima ipepuka, koma bambo analira mwezi umenewo kuposa mmene analirira pamaliro anu. Jenala wayambanso kuyendetsa, ndipo ndiye amawatengera bambo kusikelo ya magazi. Awiriwa tsopano sasiyana.

Mwezi wathawu, tikukambirana za chikumbutso chino, ndi pamene bambo anatiuza mbali yawo. Akuti panjira paja sankaona kanthu, koma makutu ankamva. Atawoloka dambo anamva mawu anu kumanja kwawo, omveka bwino, opanda changu, monga munkafunsira mukatenga munthu panjira: "Bambo a Fundo, mutsikira pati?" Akuti anaganiza nthawi yaitali. Njira inali yosalala, thupi silinkawawa, ndipo anali asanakhale pafupi nanu chotero kwa zaka. Pomaliza anayankha mumtima kuti atsikira pa boma, poti mwanayu akatsala yekha ndi mtembo m'galimoto sadzachiranso. Inu munangoti chabwino, n'kusintha giya.

Anatifotokozera zimenezi ali phee, akupukuta magalasi awo. Jenala anawafunsa ngati ankachita mantha. Anati ayi, chimene chimawasowetsa mtendere n'chakuti mukadzafunsanso sakudziwa ngati adzakhale ndi chifukwa china chotsikira.

Tikukupemphani, Amayi, musafulumire kuwafunsa. Tikuwafunabe.

Okulirani ndife amuna anu Hector Kanyenda, ana anu Fundo ndi Jenala, Mayi Esitere ndi onse a pafamu ku Chulu, pamodzi ndi anamwino anzanu a ku Santhe ndi pa boma.

Pumani komwe munafikako. Ife tikadali panjira, ndipo kukuiwalani ndiye sitidzayerekeza.