Mtsuko wa Pachipata

3 Malichi
Abwera a boma ndi mabotolo. Atunga pachitsime changa, kenako penti yofiira pachivindikiro. Osamwa, osaphikira. Akuti mankhwala otsukira tizitsulo ta mawayilesi, a kufakitale inatsekedwa ija, analowa m'madzi a pansi. Mtsuko wa pachipata ndaukhuthula. Kuno ku Lamphun khomo lopanda mtsuko wa madzi a odutsa ndi la munthu wouma mtima. Wanga unali usanaumepo.

9 Malichi
Madzi a pagalimoto, kawiri pa sabata. Fungo la pulasitiki. Fongchan, mwana wa Saengla wa khomo loyandikana, amugonekanso kuchipatala. Impso. Mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi! Pochokera kusukulu sankadutsa osamwa: "Azakhali, anuwa ndiye madzi, akwathu aja ngati mkodzo wa njati." Ndinkanyada nazo, chitsiru ine.

21 Malichi
Makina akuboola pansi kutsogolo kwa fakitale, kufunafuna pamene mankhwala analowera. Sabata yonse, sanapeze kanthu. Mapepala a kampani akuti mankhwala otha ntchito ankachoka m'migolo. Bodza. Migolo tinkagawana ife antchito, yosungiramo mpunga. Mankhwalawo ankathiridwa kuseri, patsinde pa bwemba. Wothira ndinali ine, Lachisanu lililonse, zaka zisanu ndi zinayi. Kapitawo ankati, "Nthaka imameza zonse, mlongo." Iye anamwalira. Wodziwa ndatsala ndekha.

2 Epulo
Msonkhano kukachisi. Mayi woyang'anira ntchitoyi wachonderera: popanda kudziwa pamene ankataya, adzapopa madzi mpaka kalekale osayera. Saengla pambali panga, atandigwira dzanja. "Mwina inu mukukumbuka, akulu, munagwirako ntchito." Ndati ndakalamba, mutu sugwira.

11 Epulo
Ndawalozera patsinde pa bwemba paja. Khamu lonse likuona. Atangokumba pang'ono, fungo lija, lotsekemera ngati kale. Akuti kuyeretsa kutenga zaka makumi atatu, mwina kuposa. Saengla anali kumbuyo kwanga. Nditacheuka, palibe.

19 Epulo
Fongchan wapita.

20 Epulo
Thupi lake aligoneka kukachisi, dzanja lamanja lili panja pa nsalu monga mwa mwambo wathu, kuti aliyense athirepo madzi, kupepesa ndi kutsanzika. Ndaima pamzere. Nditafika, Saengla wandilanda kambale ka madzi, mwaulemu, osakweza mawu.
"Inu ayi, akulu. Munamumwetsa kale."